Bambo Anga Amene Munawapha ndi Nthenga

Kwa Olemekezeka Mkulu Woyendera Zishango za Mabanja,
Chigawo cha Kumpoto.

Bwana,

Pepani kwambiri kuti ndakuvutitsani. Munthu ngati inu, wodziwa agogo a aliyense, simuyenera kutaya nthawi ndi kalata ya mtsikana amene anaphunzira zaka zitatu zokha kwa akazi a abusa, komanso amene, malinga ndi buku lanu, sanabadwe. Ndailemba katatu kuti mizere iwongoke. Popeza sindikudziwa nyumba imene mukudyako tsekwe sabata ino, kalata imodzi ndapatsira wangolo wopita kummwera, ina ndaikhoma pachitseko cha tchalitchi chathu kuno ku Skelgarth.

Ndine Avis, mwana wa a Cuthbert Crakenby, oweta nkhosa. Ndimapeta nsalu kwa bambo anga aang'ono, a Marmaduke Crakenby, amene analemera ndi malonda a ubweya. Ndine uja ndinakuthirirani madzi m'manja mwezi wa Meyi, mutabwera kudzalemba mndandanda wa makolo athu ndi kujambula chishango cha banja. Simunandiyang'ane, ndipo tsopano ndamvetsa chifukwa chake. Ndili ndi zothokoza zinayi.

Choyamba, zikomo potipezera kholo. Ife mu umbuli wathu tinkayesa kuti agogo athu a Osbert ankaweta nkhumba, monganso bambo awo. Inu munangokhala patebulo masiku atatu n'kupeza kuti tinachokera kwa msilikali wa pakavalo amene anapha nguluwe zitatu mfumu ikuonerera. N'chifukwa chake pachishango pali mitu itatu ya nguluwe. Mayi Dorcas ophika buledi atachiona anati, "Nguluwe zake ziti? Yapakatiyo ndaizindikira, ndi ija inkandithera kabichi." Muwakhululukire, sadziwa Chilatini.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kamwezi. Pa chojambula chimene munasiya panali kamwezi kagolide pamwamba pa mitu ija. Ndinakapeta pa mapilo khumi ndi awiri, kamwezi kalikonse masiku awiri, ndikuwerenga ulusi umodziumodzi kuti nyanga zake zifanane. Mayi aang'ono, akazi a Marmaduke, anawayala pamipando n'kuitana alendo. Mlendo wina, mkazi wa bwana wa kutsidya kwa mtsinje, anaweramira pilo n'kunena kuti, "Kokongolatu. Kani amuna anu ndi mwana wachiwiri? Nanga akulu awo ndi ati, aja timakumana nawo ndi nkhosa pamlatho?" Tsiku limenelo tonse tinaphunzira lamulo lanu, loti mwana wachiwiri amaika kamwezi kuti dziko lidziwe kuti ali ndi mkulu wake. Mayi aang'ono anagona masiku awiri mutu ukuwawa. Sabata yomweyo kunanyamuka kavalo wopita kwa inu, atasenza mpukutu wa nsalu yofiira ndi miyendo iwiri ya nkhumba yootcha pautsi. Ndikhulupirira inali ya mtundu wa nguluwe zija.

Chachitatu ndiye chachikulu. Mwezi wa Ogasiti chikopa cholembedwapo mndandanda wa makolo athu chinafika, chidindo chanu chikulendewera, kamwezi kulibe. Pafupi ndi dzina la bambo anga panali tizilembo titatu. Abusa anatiwerengera kuti tanthauzo lake ndi lakuti anamwalira osasiya mwana. Ndinathamanga kukawauza bambo kudambo. Anatsamira chikwakwa n'kunena kuti, "Ndafa liti, mwana iwe? Akanandiuza ndisanayambe kumweta, udzu wonsewu ndikanamusiyira Marmaduke." Ndikuthokoza kuti imfa yawo inali yopanda ululu. Amadyabe phala mbale ziwiri, ndipo Lamulungu amaimba mokweza kuposa amoyo. Pansi pa chikopacho munalemba kuti zonsezi munazitsimikiza poona manda ndi maso anu. Ine manda a kuno ndawayenda mzere ndi mzere kawiri konse, koma maso anga ndi a munthu wopeta nsalu chabe.

Chachinayi sindidziwa ngati ndichitchule chothokoza, koma ndalemba kale kuti zilipo zinayi ndipo sindikonda kufufuta. Kanyumba kamene timakhala, pamodzi ndi busa la kuseri kwake, agogo anasiyira mwana woyamba ndi ana ake. Mbewuyo ikatha, zipite kwa wotsatira. Lachiwiri lapitali kunabwera a Gervase, kapitawo wa bambo aang'ono, atanyamula chikopa chanu. Anavula chipewa mwaulemu, n'kutipepesa maliro, kenaka n'kutiuza kuti pofika tsiku la Mikaeli Woyera, kumapeto kwa Seputembala, tikhale titatuluka, popeza wakufa sasowa denga ndipo wosabadwa sasowa bedi. Bambo anawapatsa mpando ndi mowa. A Gervase anamwa, koma anati sangalembe kuti awaona, chifukwa iwo si munthu wotsutsana ndi chidindo. Abusa nawo akuti buku lawo la ubatizo lili ndi dzina langa, koma mbewa zinadya ngodya ya tsambalo, ndipo buku lodyedwa ndi mbewa silingapambane chikopa cholendewera chidindo. M'nyumba imeneyi ndi mmene mayi anga anamwalira, iwo zenizeni, ndipo mtengo wa maapozi umene anabzala pakhomo wabereka koyamba chaka chino. Zipatso zake zidzapsa patapita sabata kuchokera tsiku la Mikaeli.

Sindikunena kuti munalakwitsa, Bwana. Munthu ngati inu, wovala malaya opetedwa mikango ya mfumu, sangalakwitse. Ndikungoganiza kuti nthenga yanu yolembera imene inatha kudzutsa msilikali amene sanakhaleko singalephere kudzutsa mbusa amene alipo. Mayi aang'ono anandilamula kuchotsa timiyezi tonse pamapilo. Ndachotsa khumi ndi kamodzi, mosamala, osaboola nsalu, ndipo ulusi wagolide ndausunga m'kabokosi. Kotsalako ndikuchedwa nako dala, mundikhululukire. Mukalamula kuti tibwerere, ndidzatipetanso tonse popanda kudandaula.

Ngati kuwadzutsa bambo n'kosatheka, kapena kukufuna miyendo ya nkhumba yoposa iwiri, pamene ife tili ndi nkhosa zokha, ndipempha chinthu chaching'ono. Mutiuze manda amene munawaona aja ali pati, kuti pa tsiku la Mikaeli ndikawaperekeze bambo kumeneko. Akuti ngati pali pouma ndipo nkhosa zingadye pafupi, sakana.

Chonde muyankhe msanga, Bwana, kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Mukachedwa, wobweretsa kalata adzagogoda pakhomo pathu n'kupeza kuti buku lanu linanena zoona, mulibemo munthu.

Ine wantchito wanu wodzichepetsa, amene ndikudikira chilolezo chanu kuti ndibadwe,

Avis Crakenby,
mwana wa malemu a Cuthbert, amene akupereka moni.