Amalume Siyadorisi ndi Misundu

Ku Dolagama kuno mukafunsa mwana aliyense kuti katswiri wa nkhalango anali ndani, akuyankhani mosazengereza kuti anali amalume anga, a Siyadorisi. Mukamufunsanso kuti m'nkhalangomo ankalowamo liti, mwanayo ayamba kuseka. Amalume anabadwira m'mphepete mwa nkhalango, anakulira pomwepo, koma mpaka imvi zinachita kuti mbuu m'mutu anali asanawolokepo kamtsinje ka kuseri kwa tiyirumu yawo. Njoka sankaziopa. Kambuku sankamuopa. Ankaopa misundu.

Inde, misundu yomweyi, imene mwana wasukulu amangoithothola pamwendo n'kutaya uku akupitiriza nkhani. Mvula ikangowaza, ndipo kuno siichedwa kuwaza, amalume ankakwera pampando wautali kuseri kwa kauntala, mapazi n'kuwasanjika pabokosi. Masokosi awo ankafika m'mawondo, ndipo ankawapaka sopo, mchere ndi madzi a fodya. Fungo lake ndi limene linkayamba kukupatsani moni, eni ake pambuyo.

Msewu umathera pa tiyirumu imeneyi. Choncho achinyamata onse ochokera kunja, amene amabwera kudzagwira ntchito yongodzipereka yodzala mitengo ndi kukonza milatho ya ana asukulu, ankatsikira basi pakhomo pa amalume. Wolowa nawo m'nkhalango ndine, Thilak, ndiyo ntchito yanga. Koma malangizo ankapereka ndi amalume. Palibe anawapatsa udindowo, anangoutola.

Chingerezi anachiphunzira ali mnyamata, akuperekera zakudya pa hotela ina ku Galle. Chinali Chingerezi cha mbale ndi masupuni, ndiye chikawathera ankamalizira ndi manja, apo ayi ankandikodola ine.

"Masulira bwino iwe, usadyepo kanthu. Uwauze kuti kambuku wa muno timadziwana. Tinakumana patsinde pa mtengo waukulu uja. Iye kundiyang'ana, ine kumuyang'ana, mpaka anachita manyazi n'kuzolika."

"Mtengo wake uti, amalume?"

"Ukufunsa ine? Si iwe umayendamo tsiku ndi tsiku?"

Gulu lina analiuza kuti misundu imadana ndi nyimbo. Ana a eni ake anakhulupirira. Tinayenda tsiku lonse akuimba, mbalame zonse zinasamuka, ndipo pobwerera mawu anali atasasa, miyendo ili magazi okhaokha. Amalume anawafunsa nyimbo imene ankaimba. Mnyamata wina anaiyamba pang'ono, iwo n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Apo ndiye munalakwitsa. Imeneyo ndiye nyimbo yake yapamtima."

Wochokera kunkhalango sankalowa m'tiyirumu asanasechedwe. Ntchito imeneyo inali ya akazi awo, azakhali Kusuma, mayi wochepa thupi, wa mawu ochepa koma akuthwa. Tsiku lina msundu umodzi unawazemba. Unabisala m'chipewa cha mlendo, kenaka n'kugwera pagalasi la kabati ya roti, buledi wopyapyala wa kuno, n'kuimirira ndi kumchira ngati ukufunsa kuti mwini malo ndi uti. Amalume sanakuwe. Tinangoona kuti pampando palibe munthu, zenera likugwedera, ndipo nsalu yawo ya m'chiuno yatsala pamsomali. Anabwerera patapita nthawi atafunda thumba la mpunga.

"Inu, munali kuti?" anafunsa azakhali.

"Ndinathamangira mchere."

"Mchere si uwo uli pashelefu pamwamba pa mutu wanu?"

"Umenewo ndi wogulitsa."

Ndiye kunabwera Annika. Anali mtsikana wa ku Sweden, wamtali ngati mtengo wa kokonati, atangomaliza kumene sekondale. Ulendowu anaukonzekera nthawi yaitali, ndipo potsika basi ndiye anali patsogolo pa anzake onse. M'mawa mwake tinawoloka kamtsinje kaja. Tisanapite patali anawerama kuti amange chingwe cha nsapato, n'kuona zimene zinali pa akakolo ake. Mfuu imene anakuwa, anyani anasiya kudya. Anatembenuka n'kuliyatsa liwiro, ndipo anakaimira m'tiyirumu osasechedwa n'komwe.

Amalume anamuyang'ana mtsikanayo, nkhope yawo n'kuwala ngati apeza m'bale amene anasochera kalekale. Azakhali atamaliza kumuthothola panja, iwo anamukokera mpando wina wautali, n'kusendeza mapazi awo kuti pabokosi pakwane anthu awiri.

"Pa gulu lonseli," anatero, "wanzeru ndi mwana yekhayu."

Kuyambira tsiku limenelo anzake ankalowa nane m'nkhalango, Annika n'kutsala. Ankathira dothi m'timatumba ta mbande ku nazale, ankathandiza azakhali kupala kokonati, ndipo anaphunzira kumwa tiyi wopanda shuga uku akuluma kachibuluma ka shuga wa kanjedza. Nayenso anayamba kuwatchula kuti amalume. Koma anzake akamabwerako masana, atadetsedwa ndi matope, akuseka, iye ankazemba kupita kuseri kwa nazale. Mtsogoleri wa gulu lawo, munthu wabwino ndithu, anamuuza mofatsa kuti ntchito yotsala yonse inali m'kati mwa nkhalango, ndipo ngati sangathe palibe amene angamunyoze akabwerera kwawo. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti bambo ake, pomuperekeza kubwalo la ndege, anamuseka mwachikondi kuti abwerako zovala zisanade.

Annika ndinamupeza tsiku lina atalongedza chikwama, chili pakhomo, iye misozi ili chuchuchu patebulo. Amalume anali akumusisita paphewa.

"Usalire, mwanangu. Mantha ndi a aliyense. Ngakhale ine tsiku loyamba kulowa m'nkhalango mtima unagunda pang'ono."

"Tsiku lake liti limenelo?" anafunsa azakhali ali kukhitchini.

"Kusuma, mphodza zikupserera."

"Mphodza zili bwinobwino. Thilak, muuze mwanayo zoona. Masulira bwino, usadyepo kanthu."

Ndinayang'ana amalume, iwo n'kuyang'ana kudenga. Ndinamasulira, n'kumuuza kuti amalume m'nkhalango anali asanalowemo chibadwire. Annika anatembenukira kwa amalume. Kenaka anayang'ana masokosi aja, n'kuyang'ana bokosi, n'kuphulika kuseka misozi isanaume.

"Ndi kamodzi komwe, amalume?"

"Nkhalango ndimaidziwa ndi mtima," anatero amalume. "Mapazi ndi a anthu osaidziwa."

Mtsikanayo anapukuta m'maso n'kukhala tsonga. "Ndiye mawa tikalowe tonse awiri. Inu mukalowa, inenso ndilowa. Mukakana, ndikwera basi."

"Mawa nyenyezi sizili bwino."

"Mkuja."

"Mkuja bondo langa limavuta."

"Limadziwiratu?"

Amalume anayang'ana chikwama chija pakhomo nthawi yaitali, n'kuyang'ananso mtsikanayo. Ana awo onse anali atapita kalekale ku Colombo, ndipo zikwama zodikira basi pakhomo limenelo anali ataziona zokwanira. Anatembenukira kukhitchini.

"Kusuma, mchere watsala wochuluka bwanji?"

Nkhani inafika mudzi wonse dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake othyola tiyi sanapite kumunda, woyendetsa basi anazimitsa injini, ndipo aphunzitsi anangowatulutsa ana chifukwa palibe amene ankayang'ana pabolodi. Chitseko chinatseguka. Chimene chinatuluka sichinkaoneka ngati munthu. Kumapazi kunali jombo, pamwamba pa jombo masokosi, pamwamba pa masokosi matumba a mpunga omangidwa ndi zingwe mpaka m'ntchafu. Kenaka jekete lamvula, chisoti cha njinga yamoto chobwereka, ndi ambulera yotambasula ngakhale kunalibe mvula. Paliponse pamene ankaponda pankatsala mchere.

"A Siyadorisi, ulendo wa kumwezi kodi?"

"Mukapereke moni kwa mnzanu kambuku!"

"Akakuonani chonchi achitanso manyazi!"

Amalume anadutsa pakati pa anthuwo ngati sakumva. Atafika pakamtsinje anaima, milomo ikugwedera ndi mapemphero. Annika naye nkhope inali itayera ngati ufa. Anawagwira dzanja, kaya pofuna kuwalimbitsa kaya kudzilimbitsa yekha, ndipo anawoloka.

Sindinayendepo ulendo wapang'onopang'ono ngati umenewo. Amalume ankayenda atatsinzina, mtsikanayo akuwakoka.

"Thilak, uziyang'ana kumsana kwanga."

"Kulibe kanthu, amalume."

"Usayankhe msanga, yang'anitsitsa."

Tinafika pamene mitengo ikuluikulu imayambira, pamene kuwala kumachepa ndipo madzi amangodontha kuchokera kumwamba kosaoneka. Ndinawauza kuti atsegule maso. Anatsegula limodzi, kenaka linalo. Anaweramitsa ambulera n'kukweza mutu mpaka chisoti chinagwera kumbuyo. Munthu amene pakamwa pake sipankapuma anakhala chete mpaka ndinayamba kuda nkhawa.

"Kani ndi italiitali chonchi," anatero motsitsa mawu. "Bwanji sunandiuze, iwe?"

Ndikanawayankha, koma ndinaona kuti auma. Nsonga ya ambulera inali itagunda pansi, ndipo msundu umodzi wakhama unakwera ndi ambulerayo mpaka kukafika padzanja, pokhapo pamene panalibe chophimba. Unali utayamba kale ntchito.

"Thilak," ananong'ona osagwedeza ngakhale chikope, "ukawauze azakhali ako kuti ndinkawakonda."

Ndisanasunthe, Annika anali atawagwira mkono. Analowetsa chikhadabo pansi pa msunduwo monga ankaonera azakhali akuchitira, n'kuugwetsera uko. "Basi amalume, wapita. Pumani. Ndiyang'aneni ine."

Ndinamulozera miyendo yake. Misundu inalipo yambiri ndithu, ina itakhuta kale. Anaiyang'ana, n'kukoka mpweya, n'kuwerama kuyamba kuithothola umodziumodzi uku akutukwana m'chinenero cha kwawo. Amalume anadikira mpaka mtsikanayo atamaliza. Ataona kuti zonse zili bwino, anandipatsira ambulera, n'kukomoka mwaulemu.

Tinawanyamula pamachira a mitengo ndi jekete lamvula lija. Titatulukira pakamtsinje anthu anaimba m'manja ngati kwafika njovu ya pachikondwerero. Azakhali sanaimbe nawo. Anawavula chisoti, n'kuwapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari, n'kunena kuti, "Chitsiru cha munthu," koma mawu awo anatuluka mofewa moti ndinayang'ana kumbali.

Annika anamasula chikwama. Anagwira ntchito m'nkhalango mpaka tsiku lomaliza, ndipo mlatho umene ana a kutsidya amawolokera popita kusukulu, matabwa ake ambiri anasenza ndi iye. Tsiku lonyamuka anawakumbatira amalume mpaka mapazi awo anachoka pansi. Iwo anadandaula za nthiti, kenaka anapita kuseri kwa nyumba kukayang'ana nkhuku zimene analibe.

Amalume m'nkhalango sanalowenso. Anati anaona zonse zofunika kuona. Koma msundu uja unayamba kukula. Chaka chotsatira unali ngati chala chachikulu. Kenaka unafika pa nthochi. Pomalizira unali wonenepa ngati mkono wa munthu, unali ndi maso, ndipo anaugwetsa okha pofuna kupulumutsa mtsikana wa ku Sweden amene anali atakomoka. Annika ankaimba foni pa Chaka Chatsopano chilichonse, ndipo funso lake loyamba linali lakuti msundu wafika pati.

Amalume anatisiya chaka chatha, m'mawa wina, akutenthetsa madzi a tiyi. Anangokhala pansi n'kunena kuti chifuwa chawathina, ndipo galimoto isanafike anali atapita. Mbendera zoyera za maliro zinamangidwa kuyambira pa tiyirumu mpaka kumsewu waukulu. Anthu anabwera ambiri kuposa amene ndinkadziwa kuti amakhala kuno, ndipo aliyense anali ndi bodza lake la amalume limene ankalisunga. Annika anafika mwambo utatha kale, mayi wamkulu tsopano. Analowa m'khitchini n'kukhala pansi pafupi ndi azakhali, n'kutenga kokonati kuyamba kupala. Sanandiitane kuti ndimasulire.

Achinyamata akubwerabe. Basi imawatsitsa pomwe paja, azakhali amawapatsa tiyi, ine n'kuwauza zoyenera kuvala ndi zoyenera kupewa. Zonse zimene ndimanena n'zoona, ndipo zimatha tiyi asanazizire. Amamvetsera mwaulemu, ena akuyang'ana mafoni. Mwezi watha ndinati ndiyese. Ndinawauza kuti nsato ina inandimeza mpaka m'chiuno, kenaka inandilavula chifukwa ndinali nditadya tsabola wambiri. Mtsikana wina anatong'ola maso.

"Zoona?"

"Ayi," ndinatero. Zinangotuluka zokha.

Atapita, azakhali anabwera kudzachotsa makapu. "Si mphatso yako imeneyo, Thilak. Usadzayesenso, umachititsa chisoni."

Anayamba kupukuta kauntala, imene inali yoyera kale. Kunja mvula inali itayamba, ndipo m'tiyirumu munkangomveka madontho padenga.

"Moyo wonse ndinkawauza kuti akhaleko chete," anatero osandiyang'ana. "Sanandimverepo pa chilichonse munthu uja. Asankha kumvera pa chimenechi basi."