Laputopu Yakana Mlendo Wopanda Nkhoswe

Amwene, usiku wathawu ndinalota zoti mukamva mundiseka, koma dikirani ndimalize. Mukudziwa kale kuti kahadi diraivi kanga kaja, kosungiramo zithunzi ndi mavidiyo, kasiya kuoneka pa laputopu, ndipo m'menemo ndi momwe muli vidiyo yokhayo ya malemu mayi akuimba kukwaya. Achemwali anga a Esnati akufika lero kuchokera ku Joni. Maliro sanawapeze, ndiye ndinawalonjeza kuti mayi adzawaonera pamenepo.

Ndiye m'malotomo ndabereka kadiraivi kaja kumsana, dzuwa lili phwee, ndafika pakhomo pa laputopu. Ndikuti, "Odi!" Laputopu yasuzumira itamanga chitenje, nkuti, "Inu ndakudziwani, koma ali kumsanayo ndani? Muno salowa mlendo wopanda nkhoswe."

Ndikuti, "Aa, mayi, uyu wakhala akulowa muno zaka zonsezi!" Iyo nkuti, "Kayeseni khomo lina." Ndazungulira kuseri, ndapeza laputopu yomweyo, chitenje chomwecho, funso lomwelo. Ndiye ndatulutsa chingwe cholumikizira kadiraivi ku laputopu kuti chikhale nkhoswe. Chingwe chagwada, chakhosomola, chayamba bwinobwino, "Ife tabwera kudzapempha malo..." Mwadzidzidzi mawu aduka. Chanditembenukira nkuti, "Pepani bwana, ndinathyoka m'kati. Munkandikulunga mothina kwambiri."

Ine mtima kupsa! Ndiye ndapezeka ndili mu Ofesi ya Zinthu Zosaoneka, pamaso pa bwana wa kolala yoyera, a Mkwapatira. Aika khutu pa kadiraivi, nanenso ndaika langa. M'kati tikumva mayi akuimba chapansipansi, kenako asiya nyimbo nkuti, "Fatsani, tsegula mwanawe. Ndikufuna ndimuone Esnati." Ndinalira, amwene, sindikubisirani.

A Mkwapatira nkuti, "Kavuto kakang'ono aka. Tingokafomata." Akulankhula chomwecho mlomo ukutalika, jekete likumera nthenga zakuda, mwadzidzidzi pampando pakhala khwangwala, kolala yake ili yomweyo, tsache lili kuphazi.

Ndikuti, "Kufomata ndiye kutani, bwana?"

Khwangwala nkuti, "Kusesa basi. M'kati mukayera, laputopu idzakalandira popanda nkhoswe."

"Nanga mayi?"

"Tsache silifunsa dzina," watero khwangwala, nkudumphira patebulo.

Ndiye ndatsomphola kadiraivi kanga, liwiro! Koma miyendo ikulemera ngati ndaponda m'dambo, makomo onse a mumsewu asanduka timabowo ta laputopu, ndikagogoda paliponse akungoti sitikumudziwa. Kumsana mayi ayambiranso nyimbo, mawu akucheperachepera, pambuyo panga tsache likuyandikira, shwaa, shwaa, shwaa.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, koma shwaa uja osasiya. Ndinatuluka ndi kabudula wogonera, nkulanda tsache m'manja mwa akazi anga pabwalo. "Musasese, muli mayi!"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Bambo a Tiyamike, awa ndi makoko a mtedza."

Sekani tsopano. Koma mwina vuto ndi chingwedi, ndiye amene ali ndi china andibwereke msanga, basi ya achemwali ikufika masana ano.