Kagiya Kanakana pa Ukwati wa Achemwali

Mukadzaona zithunzi za ukwati wa achemwali anga, mudzadabwa kuti pachithunzi chilichonse bambo atsamira khoma, ndipo ine manja ndawabisa kumbuyo. Si sitayilo ayi. Ine ndimalemba m'kabuku kanga tsiku lililonse, ngakhale zazing'ono monga kuswa kwa anapiye, koma tsamba la tsikulo linakhala loyera. Lero ndiye ndalimba mtima.

Ife kwathu ndi ku Ntcheu, koma timakhala ku Luwawa kumene bambo amagwira ntchito yocheka matabwa. Ali ndi galimoto yakalekale yokoka ndi matayala onse anayi, imene anaigula itatopa kale ndi kunyamula anthu a m'nkhalango. Pambali pa giya yaikulu pali kagiya kena kakafupi. Msewu ukaipa, bambo amaima n'kukakokera kumbuyo, amati "kulowetsa lo", ndipo galimoto imayamba kukwawa ngati kamba koma ndi mphamvu za ng'ombe. Patsinde pa kagiyako pali mphira wokuta, ndipo mphirawo unang'ambika ine ndisanayambe sukulu.

Achemwali anga a Esinati ankakwatiwa ku Embangweni mu Disembala, mvula ili pakati. Anthu analangiza bambo kuti abwereke galimoto yooneka bwino, koma iwo anakana.

"Mwanayu pobadwa ndinapita naye kuchipatala pa njinga," anatero. "Lero ndimuperekeze pa galimoto yanga."

Achemwali anakhala kumbuyo ndi amayi, diresi loyera atalikuta ndi zitenje ziwiri. Ine, woperekeza mkwati, diresi langa la pinki, anandiika kutsogolo pakati, miyendo itapanikizana ndi magiya. Kuzenera kunakhala a NyaShaba, mayi wamkulu wa kumpingo kwathu amene ankalangiza achemwali za banja. Mayiwa ine ndimawaopa ngakhale akamaseka.

Tisanatuluke n'komwe m'mapaini, a NyaShaba anamasula kampango kodzaza ndi masuku.

"Lya, mwana wane. Ghakunowa chomene," anatero m'chilankhulo chawo, kuti ndidye, ndi okoma kwambiri.

Ndinalandira ndi manja awiri, "Yewo, amama." Kukana chakudya cha munthu wamkulu ndi mwano, zimenezo ndinaphunzira. Makoko ankandilanda okha n'kumataya pazenera. Koma njere? Njere zochoka m'kamwa mwanga sindikanaziika m'dzanja la mayi wamkulu. Kulavulira pazenera kunafunika ndiwerame pamwamba pa miyendo yawo, mlomo uli chotu. Kumeza ndinayesa imodzi, misozi inatuluka. (Amene munadyapo masuku mukudziwa kuti suku limodzi njere zake ndi banja lathunthu.)

Apa m'pamene ndinaona kabowo ka pamphira paja. Ndinaganiza kuti kamatulukira pansi, pamsewu. Ndinkachita ngati ndikutsokomola, njere n'kugwera m'dzanja, dzanja n'kutsika ngati ndikukonza sokosi. Ndinadziona wochenjera kwambiri. A NyaShaba poona kuti ndikudya mwaulemu chonchi, anawonjezera liwiro.

"Mwana uyu ngwakulereka makora, adada," anauza bambo, kuyamikira kuti ndinaleredwa bwino. "Sakana chakudya."

Tisanafike pamsewu wa tala wopita ku Champhira pali chitunda china cha dothi lofiira, loterera ngati therere. Bambo anaima m'munsi mwake, anatsika kukatseka maloko a matayala akutsogolo, anabwerera, anaponda kilachi, giya yaikulu anaiika pakati, n'kukoka kagiya kaja. Kanayenda pang'ono n'kuima.

"Kamatero kakazizidwa," anatero bambo, akumwetulira achemwali pagalasi.

Anabweza galimoto m'mbuyo pang'ono, poti nthawi zina mano a m'kati amangofuna kusuntha kuti akumane. Anakokanso. Ayi ndithu. Anaisunthira kutsogolo, anakoka ndi manja awiri. Kagiya kanangoti nji. Anayesa kukwera chitundacho popanda lo, koma galimoto inafika pakati, inalira, inanunkha kilachi, n'kutsetsereka chammbali kubwerera pomwe tinachoka. Amayi anafuula dzina la Mulungu.

"Mwina kachitsulo kapansi kapindika," anatero bambo. Anayala thumba pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto, suti ya ukwati ili m'thupi. Thumbalo linali lalifupi kuposa bambo.

Tinkangomva kugogoda kwa sipanala. Anaona kachitsulo, kanali bwino. Anamasula kabawuti kuona ngati muli oilo, analimo. Kumbuyo achemwali anayamba kulira mwakachetechete, poopa kuwononga paudala.

"Akwawo kwa mwamuna aziti ndathawa," anatero. "Ndinanena ine, ababa, kuti tibwereke ina."

Kunsi kuja kugogoda kunaleka. Bambo anatuluka, msana wonse uli psuu ndi matope. Anangopukuta manja pa udzu nthawi yaitali. Nkhope imeneyo sindinaionepo, ndipo sindifuna kudzaionanso.

Anakhalanso pampando n'kugwedeza kagiya pang'onopang'ono, khutu atatchera.

"Zodabwitsa. Chitsulo chikagunda chitsulo chimalira. Aka kakuchita ngati kakuponda timiyala tonyowa."

Timiyala tonyowa! M'tsaya langa lakumanzere munali mudakali njere zina zimene ndinasowa mpata wozitsitsa. Bambo anali atayamba kale kuvula jekete kuti akaime pamsewu kupempha galimoto ya eni.

Ndinawagwira mkono wa shati.

"Ababa," ndinanong'ona, "kodi kabowo aka kamatulukira pansi?"

Anayang'ana kabowo. Anayang'ana tsaya langa lotupa. Anayang'ana kampango ka a NyaShaba kamene kanali katatsala pang'ono kutha. Anatenga sikuludalaiva n'kumasula mphira uja. Kunsi kwake kunali kambale kachitsulo, ndipo njere zanga zonse zinali mommo, zitathinana kuseri kwa kagiya, kumene kamayenera kupita.

Amayi anasuzumira. "Kodi zimenezo n'chiyani?"

"Makoswe a ku Luwawa," bambo anayankha msangamsanga. "Amakonda kusungiramo chakudya."

A NyaShaba anatola njere imodzi, anaipenda, inali ikadali yonyowa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mbwenu khoswe wake wavala pinki," anatero.

Anayamba kuseka mpaka duku linapendekeka. Amayi anatsatira. Achemwali anaseka akulira, paudala yense n'kupita. Bambo anayesetsa kudzigwira chifukwa cha ine, koma mapewa anawaulula. Ine ndinkafuna ndilowe m'kabowo komweko.

Dzanja la bambo silinkakwana mmenemo, choncho ndinazichotsa ndekha, imodziimodzi, zala zikuda ndi girisi amene sanachoke mpaka Lachitatu. A NyaShaba anatambasula kampango kawo kuti ndiziikamo.

"Ndapota, mwana wane, ulendo wina uzingolavula. Nanenso ndili ndi mlomo, ndikudziwa ntchito yake."

Bambo anakoka kagiya ndi zala ziwiri zokha, ndipo kanalowa kuti khotyo. Galimoto inakwera chitunda chija mosapupuluma, bambo akuisisita pachiwongolero.

"Wamva, Esinati? Sinalakwe kanthu iyi."

"Ndamva, ababa. Pepani."

Tinafika ku Embangweni kwaya itabwereza nyimbo zake zonse, mkwati wamwamuna ali pakhomo la tchalitchi kusuzumira kumsewu. Palibe anafunsa zambiri, chifukwa a NyaShaba anatsika oyamba n'kulengeza kuti msewu wa ku Luwawa waipa chomene chaka chino. Bambo analowa ndi achemwali atagwirana mkono, ndipo anthu a m'mabenchi akumbuyo anaonerera matope aja bwinobwino.

Pobwerera ndinapepesa. Bambo anandigwira mutu n'kunena kuti, "Usadandaule, mama. Koma tsiku la ukwati wako tidzayenda wapansi."

Ndinalonjeza mumtima kuti manyazi otere ndawasiya, kuti chovuta ndizinena chisanakule. Ndinkakhulupiriradi kuti ndasintha. Koma sabata yatha aphunzitsi athu aakazi anandituma kunyumba kwawo, anandikhazika pampando wa nsalu, n'kundipatsa nzimbe. Nditatafuna, zotsala za nzimbe zili m'kamwa, ndinayang'ana uku ndi uku, pansi popolishidwa bwino, iwo akundimwetulira.

Ndinameza.