A Belmiro, Obwerera Panjira

Kuno ku Ntengo-Wambalame aliyense ankadziwa kuti a Belmiro akatsanzika, usachotse mpando. Ankangofika pamtengo wa mapichesi, n'kutembenuka.

"Mwaiwala chiyani, achimwene?"

"Palibe. Nonse mulipo?"

"Tilipo."

"Nanga wachifuwa uja?"

"Si uyo mukumumva akutsokomola m'nyumbamo!"

Ankapita, koma khosi lili chammbuyo.

Oyendetsa chapa, minibasi zathu zakuno, ankawaopa kuposa matope a dzinja. Galimoto ikangonyamuka, kumbuyo kunkamveka, "Espera! Imani! Tasiya munthu!" Tsiku lina anaimitsa chapa yodzaza matumba a mbatatesi chifukwa cha mayi amene ankathamanga akukupiza manja. Motorista, woyendetsayo, anabwerera chafutambuyo, akutukwana. Mayiyo n'kuti akupirikitsa mbuzi. Ngakhale pamaliro, anthu akubalalika, iwo ankabwerera kumanda kukafunsa adzukulu ngati onse anatuluka m'dzenje asanakwirire.

Ife obadwa nkhondo itatha tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Akuluakulu sankaseka. Tsiku limene mudzi unathawira ku Malawi, mlongo wawo wa a Belmiro, Leonor, anali kudambo kotunga madzi. Mfuti zikulira, iwo anathamanga ndi gulu. Leonor sanaonekenso.

Amene anawamasula ndi a Madalena, oyandikana nawo nyumba kuyambira kale. Tinali kutonola chimanga pakhomo pawo, a Belmiro atabwereranso kudzationa ngati tilipo.

"Takhalani pansi, a Belmiro. Tsiku lija munabereka ndani kumsana?"

"Osvaldo wanu."

"Ine ndinali wodwala pakati, sindikanamutha. Mukanabwerera kudambo, ine ndikanalira mwana, mayi anu akanalira awiri. Suyo Osvaldo, imvi zayamba. Tamuyang'anani bwinobwino."

A Belmiro anamuyang'ana Osvaldo nthawi yaitali. Kenako analira ngati maliro angochitika kumene, chitsononkho chili m'manja. Palibe anawatonthoza. A Madalena anatikodola kuti tiwasiye.

M'mawa mwake anapita okha kudambo lija. Akumadimba anawamva akuitana dzina la Leonor, n'kumayankhula motsitsa mpaka dzuwa kufika pamutu. Pobwera anangoti, "Ndamutsanzika."

Kuyambira pamenepo tinadziwa a Belmiro ena. Munthu amene sanavinepo chibwerere ku Malawi anayamba kuvina paukwati uliwonse, woitanidwa ndi wosaitanidwa womwe. Kuvina kwake kunali koipa zedi: ng'oma kwina, miyendo kwina, jekete ikuuluka, agalu akuthawa.

"Mutithyokera, agogo!"

"Ndisiyeni, ndachedwa kale!"

Anavina zaka zochepa chabe. Chibayo chinawatenga m'nyengo yozizira yapitayi.

Sabata latha kunali ukwati wa mwana wa Osvaldo. Achinyamata anavina bwino, mwaluso, osaphonya ng'oma. A Madalena anaonerera pang'ono, n'kupempha kuti tiwaperekeze kunyumba.