Ndinalengeza Maliro a Munthu Ali ku Dimba

Ku Kandeu masiku ano ndimafika dzuwa litapendeka, ndipo wakabaza ndimamuuza kuti adzere njira ya kuseri kwa chigayo. Sindinabe mbuzi ya munthu ayi. Mlandu wanga ndi woti ndinapha malume a mkazi wanga, mobwerezabwereza, eni akewo ali moyo.

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. (Amayi anga mpaka lero amauza anthu kuti ndimakonza mafoni, ndipo ndinasiya kuwatsutsa.) Ndimachita lendi kanyumba pa Ntcheu Boma, koma mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi mwanayo amakhala kwawo ku Kandeu, poti chitengwa sanandipatse. Mwini mbumba kumeneko ndi a Nyoni, malume awo, mkulu amene anakagwira ntchito m'migodi ku Joni n'kubwerako ndi chifuwa, chipewa ndi mawu awiri okha. Ankhoswe anga akapita kukapempha kuti ndimutenge mkazi wanga tizikakhala limodzi, iwo amakhosomola, n'kuyang'ana kuphiri, n'kunena kuti, "Tiona kaye." Tadala anabadwa, anakwawa, anayamba kuthamangitsa nkhuku, iwo akuonabe kaye.

Ndiye kuti ndizidziwika ngati munthu, ndinapangira gulu la alimi a kachewere a kumeneko kapulogalamu kotumiza mauthenga m'mafoni mwawo: mitengo, tsiku la msonkhano, tsiku lobwera ogula. Kenako anandipempha kuti ndiikemonso zolengeza maliro, chifukwa alimi amenewa amaikana m'manda. Uthenga wa gulu anthu sankaukayika. Onse ankadziwa kuti mlembi salemba za maliro amfumu asanauzidwe.

Vuto linali laputopu yanga. Ndi yokalamba, batire inafa kalekale, magetsi akathima nayonso imathima. Pulogalamu ukaisintha pang'ono umayenera kuiyesa yonse kuti uone ngati sunaswe kwina, ndiye yanga ija ikayamba kuyesa inkatentha ngati simbi, kenako magetsi phethi, ntchito yonse yayambiranso. Mnzanga wina wa ku Lilongwe ndi amene anandionetsa zimene anzathu amati makina a m'mitambo. Si mitambo ayi, ndi makompyuta a kampani ina kutsidya kwa nyanja. Iwe ukasintha kanthu umangotumiza pa intaneti, iwo n'kuyesa pulogalamu yonse, ndipo ikakhala bwino amaiyika okha pantchito. Zikayenda amakuonetsa kachongi kobiriwira, zikavuta kamtanda kofiira. Ungathenso kuwauza nthawi yoti aziyesa tsiku lililonse, iwe uli kwina.

Abale anga, ndinazikonda. Laputopu inasiya kutentha. Magetsi azithima mmene angathere, ntchito ikuyenda. Zovuta zake ndinaziona ndithu: popanda bandulo sulankhula nawo, tsiku lina umadikira pamzere ngati kuchigayo, ndipo makiyi ako onse umawapereka kwa anthu amene sunawaonepo nkhope. Koma ine ndinkangoona kachongi kaja. Ndinafika pouza mayi a Tadala kuti, "Ine tsopano ndili ndi antchito amene sagona, sadwala, sapita kumaliro." Iwo anangoti, "Ndiye muwauze adzandithandize kupalira."

Tsopano ndinene pamene panagona vuto. Poyesa gawo la maliro pamafunika uthenga wabodza wokhala ndi dzina la munthu. Tsiku limene ndinkalemba zimenezi, achimwene anga, amene ndi ankhoswe anga, anali atangondiimbira kuti ayankhidwanso "Tiona kaye." Ndiye dzina limene linabwera m'mutu mukulidziwa kale. Ndinalemba mauthenga awiri, waufupi ndi wautali, ndipo mu wautaliwo ndinatsanuliramo zonse za kukhosi. Manambala oyesera ndinatenga enieni a alimi, poti ndani angakhale pansi n'kumapeka manambala. Mantha ndinalibe. Pulogalamuyo ikapanda kupeza kiyi wotumizira mauthenga, amene ndi nambala yachinsinsi, imangonamizira kuti yatumiza.

Lachisanu lina masana ndinatopa ndi kumaika kiyi ameneyu pamanja nthawi iliyonse pulogalamu ikamapita pantchito, ndiye ndinamupereka kwa antchito anga osagona aja. Ndinamuika pamalo poti aliyense wa iwo amuone, woyesa yemwe. Ndinali nditawauza kale kuti m'mawa uliwonse aziyesa zing'onozing'ono monga uthenga waufupi uja, ndipo dzuwa likafika pamutu aziyesa zonse, ndi wautali womwe. Ndinatseka laputopu, n'kuisiya pansi pa matiresi. Loweruka lake linali tsiku limene a Nyoni anatiitana okha kuti tikakambirane za chitengwa, koyamba chikwatirireni.

Tili m'minibasi m'mawa, ine ndili mu jekete yobwereka, foni yanga inalira. "Tikudziwitsa mamembala onse kuti a Nyoni atisiya. Thupi lifika masana kuchokera kuchipatala." Achimwene anasuzumira, anawerenga, n'kuvula kapusi.

"Tachedwa mphwanga," anatero. "Mkulu uja wapita osatiyankha."

Ine ndinauwerenganso uthengawo. Mawu aja ndinawazindikira ngati mmene munthu amazindikirira nsapato yake. Ndikanawauza achimwene pomwepo, koma ndinangoti, "Zachisoni." Ndinayesa kutsegula intaneti, koma tinali titalowa kale m'mapiri. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti meseji imafika paliponse, ngakhale kudambo, pomwe intaneti yoti uletsere mesejiyo imathera pafupi ndi msewu wa tala.

Titatsika n'kuyamba kuyenda, tinapeza masamba ataikidwa kale pamsewu, monga timachitira posonyeza kuti pamudzi pali zovuta. Patsogolo pathu panali mkulu wina amene anatsika panjinga yake pamasambapo, n'kuvula chipewa, n'kumaikankha mwaulemu, mpiru uli pakaliyala. Mkuluyo atatembenuka, achimwene anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Akamwini, mwafika," anatero a Nyoni. "Ine ndinalawirira kudimba. Zovutazi zagwa kwa yani?"

"Sindinamvetse bwino, malume."

"Tiyeni tikaone. Anthu tikutha."

Ndiye tinayenda pambuyo pawo, iwo chipewa chili pachifuwa, kulemekeza maliro awo omwe. Mkuluyu amakhala yekha chimwalirireni akazi awo, ndipo foni amaizimitsa kuti batire isathe. Anthu atapeza chitseko chokhoma, aliyense anaganiza kuti mnzake ndi amene anawatengera kuchipatala ndi chifuwa chija. Pabwalo tinapeza amayi atadzaza khonde akulira, nkhuni zitafika, adzukulu atakhala pambali ndi makasu kudikira kuti awalozere pokumba.

Zimene zinachitika a Nyoni atakhotera njinga pabwalo lawo, ena amaseka akamazifotokoza. Ine sinditha. N'zoona kuti amayi ena anathawira m'chimanga, ndipo mdzukulu wina analumpha mpanda. Koma ndinaonanso apongozi anga, mlongo wawo wa a Nyoni, amene anali atakomoka m'mawa uthenga utafika ndipo anachita kuwathira madzi. Anadzuka pamphasa, anakagwira malaya a mchimwene wawo, osawasiya, akungonena dzina lawo la paubwana. Mwana wa a Nyoni amene ali ku Joni anali ataimba kale akulira, atatsanzika ndi kwa abwana ake. Mayi a Tadala maso anali atatupa. Ndinamva chisoni, ndipo ndinachita manyazi kwambiri.

Anthu atakhazikika, maso onse anabwera kwa ine, poti ndinadzitama mokwanira kuti makinawo ndi anga. Ndinagwada, ndinapepesa, kenako ndinanama.

"Makina alakwitsa, malume. Angotola dzina mwangozi. Sizichitikanso."

A Nyoni anakhosomola, n'kugwedeza mutu. "Makina ndimawadziwa akamwini. Kumgodi chikepe chinkatsika chokha munthu asanachiuze. Musadandaule, si inu." Kenako anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana nkhuni zija, ndipo nkhope yawo inafewa mmene sindinaionerepo. "Lero ndaona kuti imfa ili pakhomo. Si bwino kusiya nkhani za ana zili m'malere. Tikhale pansi, timalize zija tinaitanirana."

Achimwene ananditsina mwachimwemwe. Ine ndinayang'ana mthunzi wa mtengo wa mango ndipo unali ukufupika.

Ndinapempha kuti ndikataye madzi. Kuseri kwa nyumba kuli chulu chimene achinyamata amakwerapo akafuna netiweki. Ndinakwera ndi jekete yobwereka ija, foni m'mwamba, linthumbu likundilowa m'thalauza. Tsamba la pa intaneti la kampani ija linazungulira, linazungulira, mwamwayi n'kutseguka. Linandifunsa pasiwedi. Pasiwediyo ndi yaitali ngati njanji, sindinaisungepo m'mutu, inali mu laputopu, pansi pa matiresi, pa Boma. (Amene anandilangiza kuti pasiwedi yabwino ndi imene mwini wake sangaikumbukire, Mulungu amuone.) Ndinatsika ndikudzikanda, n'kukakhala pamalo panga ngati munthu wodikira jakisoni.

A Nyoni anali atayamba kale kulankhula. Anthu ambiri sanabalalike, poti chakudya cha pamaliro chinali chitapsa. Anati andiona nthawi yaitali, sindimwa mowa, mwana wawo sindinamumenyepo. Anati mkazi ndi mwamuna sayenera kukhala ngati anthu ochezerana. Anafika pa mawu akuti, "Choncho ife monga eni mbumba," ndipo mafoni onse pabwalo analira pamodzi.

Ya a Nyoni nayonso inalira, poti anali ataiyatsa kuti alankhule ndi mwana wa ku Joni uja. Anaiyang'ana chapatali, n'kundipatsa.

"Maso anga ndi ofooka akamwini. Tawerengani."

"Ndi zomwe zija malume, makina aja abwereza."

"Werengani zonse, bambo a Tadala," anatero mayi a Tadala motsitsa mawu. Foni yawo inali m'manja, ndipo sankandiyang'ana.

Ndinawerenga, abale anga, ndi pakamwa panga pomwe. "Tikudziwitsa mamembala onse kuti a Nyoni atisiya atadwala nthawi yaitali nthenda ya Tiona Kaye. Adzukulu asafulumire kukumba, aone kaye. Chitengwa chiperekedwa ndi otsala."

Panalibe amene anaseka. Mwina zikanandipepukira wina akanaseka. Achimwene anavala kapusi yawo n'kuyang'ana pansi. A Nyoni anatambasula dzanja, ndinawabwezera foni, anaizimitsa bwinobwino n'kuiika m'thumba.

"Makina a kwa azungu amadziwa chitengwa?" anafunsa.

"Ayi malume."

"Amadziwa mmene ine ndimalankhulira?"

"Ayi malume."

"Mgodi unandikwirira mwendo, unandilephera. Chifuwachi chikuyesetsa, sichinathe. Sindinkadziwa kuti wondiika m'manda ndimadya naye mbale imodzi." Anaima, n'kutola chipewa. "Nkhani ija yatha. Munthu wakufa sapereka chitengwa. Kapempheni kwa otsala, monga mwalembera."

Otsalawo ndi apongozi anga, amene ndinawakomola m'mawa womwewo.

Ndinathamangira ku Boma kuti ndikaletse zisanachitikenso. Ndinapeza magetsi kulibe. Ndinazungulira ndi laputopu kukhwapa kufunafuna pamene pali jenereta, koma kulikonse ankati mafuta kulibe. Antchito anga aja, paja sagona ndipo kuthima kwa magetsi sikuwakhudza, Lamulungu m'mawa anawaphanso a Nyoni anthu akukonzekera za kutchalitchi. Magetsi atayaka ndinatsegula tsamba lija, ndipo ndinapeza tizichongi tobiriwira tokhatokha, mzere wonse. Mauthenga onse anafika bwino, panalibe cholakwika chilichonse.

Kiyi uja ndinamuchotsa, manambala a alimi ndinawachotsanso. Gulu linati za mitengo ndizitumizabe, koma za maliro abwerera kotuma munthu panjinga. Mayi a Tadala anakhala nthawi osandiyankha foni, ndipo tsiku limene anayankha anati, "Mukanawatukwana pamaso bwenzi zitatha kale. Inu munakawatukwanira kwa azungu." A Nyoni ndikawapatsa moni amatembenukira kwa mwana n'kunena kuti, "Tadala, uwauze bambo ako kuti akufa sayankha."

Mwina mukuganiza kuti makina a m'mitambo ndinawasiya. Ndingawasiye bwanji, batire ya laputopu ikadali yakufa. Amagwira ntchito bwino, ndipo pa nkhani yonseyi ndi okhawo amene sananame. Chimene ndinasintha ndi dzina la muuthenga woyesera, ndinaikamo langa. Ndiye m'mawa uliwonse, m'nyumba ija ya lendi mmene muli kabedi kamene ndinagulira Tadala, matiresi ake akadali m'pulasitiki, makina amalengeza kuti ndatisiya. Sipabwera munthu, palibe woika masamba pamsewu. Ndimadikira kachongi kobiriwira, kenako ndimadziphikira tiyi.