Sitiyaringi ya Ba Tenson

"Musaniuze kukhala pansi, alamu. Mwamuna wanga anagwera mu ngalande ali mu bokosi, imwe mufuna nikhale pansi?"

Anali Ba Norah amenewo, ataima pakati pa msonkhano wa banja ku Nkomeshya, tsiku lachitatu chiikire maliro a amuna awo. Ba Abraham, mng'ono wa malemu, ndiwo anali atawauza kuti akhale pansi.

Malemuwo ndi Ba Tenson, makanika uja wa kuseri kwa msika wa Chongwe amene sankapatsa munthu moni asanagwedeze chiongolero cha galimoto yake. Ukangoima, iwo dzanja lalowa kale pawindo, gwede gwede. Chikagwedera kupitirira zala ziwiri mawilo asanatembenuke, basi watukwanidwa.

"Iyi ni motoka olo ni mbuzi? Iyenda kwamene ifuna."

Ngakhale abusa sanapulumuke. Lamulungu lina, ulaliki uli pakati, Ba Tenson anakweza dzanja.

"Abusa, mutiuza za njira yopapatiza, koma motoka yanu lelo yadya msewu wonse. Nipaseni makiyi."

Mpingo usanati ameni, munthu anali kale pansi pa boneti, suti ya kutchalitchi ili psuu ndi fumbi.

Ntchito yake inali yaing'ono. Pamwamba pa bokosi la chiongolero pali kasikuluu komangidwa ndi nati, ndipo wina aliyense akanakapotoza n'kumapita. Osati Ba Tenson. Ankakweza galimoto pa jeke, kugwedeza wilo lililonse, kumasula nati, kupotoza kasikuluuko pang'ono ngati akutsina mwana wa eni, kenako kuzunguza chiongolero mpaka kumapeto uku ndi uku. Akatero ankabwerezanso, dzuwa mpaka kupendeka.

"Ba Tenson, mangani chabe maningi, nichedwa ku Lusaka," ankadandaula motero madalaivala.

"Ukamanga maningi, poongoka izakunamiza kuti ili bwino, pa kona siizabwerera. Ku Lusaka uzafika, inde, koma pa ambulansi."

Ba Norah anachapa girisi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ankanena poyera kuti mkazi wamkulu pakhomopo ndi Datsun, kavaneti kofiira ka 1978. "Ine nikadwala, ni kapilisi kamodzi. Datsun ikakosomola, muntu sadya." Koma yesani inu kunyoza ntchito ya amuna awo, munkaona zakuda. Ba Tenson sanasiye ng'ombe, sanasiye nyumba yooneka. Anasiya mbiri yokha, yoti galimoto yochoka m'manja mwawo sinagwetsepo munthu.

Atagona pamphasa ndi matenda anapempha chinthu chimodzi, kuti adzapite kumanda pa Datsun.

M'mawa wa maliro kunafika Terrence, mkamwini wawo wa ku Silverest, wogwira ntchito m'boma, shati yoyera mbee. Anagwira chiongolero, namva kugwedera kwa zala ziwiri zija, nkhope n'kuipa. Anzake a ku ofesi akubwera, aona bwanji? Anatsegula foni, kuonera kakanema ka mphindi zitatu kophunzitsa kumanga chiongolero, n'kutenga sipanala. Ba Norah anamuona pawindo akuchoka ku boneti, mkono wa shati wada. Koma namfedwa sadzuka pamphasa, safuula pakati pa nyimbo.

Pamsewu woongoka Datsun inayenda ngati yatsopano, Terrence akuyang'ana anzake monyada. Pa kona yolowera kumanda Ba Cheelo, mnzake wa malemu amene ankayendetsa, anakhota ndi mphamvu, chiongolero n'kuumira pomwepo. Anakoka, anatukwana, ayi ndithu. Galimoto inapitiriza kukhota pang'onopang'ono, kwaya ikuimba pambuyo, mpaka wilo m'ngalande. Bokosi linatsetsereka, kukaima chamutu m'matope. Palibe anavulala. Mafoni okha ndiwo anakwera m'mwamba.

Lero Chongwe yense waonera kanema wa ngoziyo. Madalaivala a minibasi, omwewo amene ankakonzeredwa mpaka dzuwa kupendeka, akupatsirana foni n'kumagwa ndi phwete: makanika wamkulu, galimoto yake yomwe yamutaya. Pamalo pa Ba Tenson kuseri kwa msika wina waunjika kale matumba a makala. Magalimoto akudutsa akupepesuka ngati oledzera, ndipo palibe wowatukwana.

N'chifukwa chake Ba Norah anakana kukhala pansi.

"Mulamu, ni ngozi chabe," anatero Ba Abraham motsitsa mawu. "Motoka inakalamba. Kapena akulu anga podwala paja anaiwala kuikonza."

"Anaiwala? Tenson anaiwala dzina langa sabata yotsiriza, koma Datsun anali kuifunsa tsiku na tsiku. Mufuna kumuika kawiri? Mwaika thupi, manje mufuna kuika na dzina, chifukwa wolakwa ali na motoka ya boma?"

Mary, mwana wawo, mkazi wa Terrence, anawakoka chitenje. "Amayi, chonde. Ni amuna anga."

"Na uja anali mwamuna wanga."

Ba Cheelo, amene anthu ena ankanong'onezana kuti anamwa m'mawa uja, anadzutsa mutu koyamba. Terrence ankayang'ana nsapato zake ngati wangozigula kumene.

Mwambo sulola mpongozi kuyang'ana mkamwini m'maso. Ba Norah anayenda mpaka pamaso pake, namuyang'ana.

"Apongozi, sinifuna nkhuku, sinifuna pepani wa mu kona. Kukacha mailo ni Chiweru, msika uzadzala. Muzaima pamene paja pa makala, muuze antu na pakamwa panu. Koma muyambire pano, pamaso pa alamu anga na Ba Cheelo. Imani. Ndani anagwira sitiyaringi ya Tenson?"