Valavu ya a Tembo

Lolemba

Madzi abwera m'mawa. Thanki yadzaza mpaka kukamwa, ndakwera ndekha pa makwerero kukasuzumira. Masana ndikutsegula mpopi wa kukhitchini: fyuu! Mphepo yokhayokha. Ndikugogoda thanki ndi mthiko, ikulira ngati ng'oma.

Loweruka lino ndi chilanga mulilo cha Misozi, mwana wanga woyamba. Akukwatiwa ndi Mulenga, mnyamata wa Chibemba wa ku Nkana West, ku Kitwe. Mwambo wa kwawo ndi wakuti ife akuchikazi tiphike zakudya za mitundu yonse, zikatulidwe pamaso pa mkamwini ndi abale ake, aone nyumba imene mkazi akuchokera. Ife a kummawa sitinakule nazo zimenezi, koma ndikalephera ine, wonyozeka ndi Misozi. Thanki ndinagulira tsiku limeneli. Kuno ku Chifubu madzi amabwera m'mawa, dzuwa likakwera apita.

Zofuna madzi:
- nyemba zoviika
- nkhuku zososola
- kapenta, tinsomba touma, amene theka lake ndi mchenga
- mapoto obwereka msewu wonse
- amayi ophika
- ine

A Tembo, amuna anga, akuti ndisavutike mtima. Anakalambira ku mgodi akutsegula ndi kutseka mavalavu aakulu oti munthu angalowetsemo mutu. Mapaipi a thankiyi analumikiza okha. "Valavu ya panyumba ndi chidole, amake Misozi. Mawa zitha."

Madzulo ndakapempha madzi kwa Bana Mwape, mayi wa Chibemba wa kumunsi kwa msewu. Kwawo mpopi ukutuluka! Pang'onopang'ono, koma ukutuluka. Anthu ena anabadwa ndi mwayi.

Lachiwiri

Yadzaza. Yauma. Chimodzimodzi dzulo.

A Tembo avala ovolosi ya ku mgodi, ija yosatsekanso pamimba. Ayamba ndi valavu ya pamwamba pa thanki, ya mpira woyandama umene umatseka madzi akadzaza. Aimasula, aiuzira, asintha kamphira kake, aibwezera. Inalibe mlandu. Ayendera bwalo lonse kufuna pamene panyowa. Pouma ponse, ngakhale udzu sukudziwa kanthu.

Tsopano agwada pa paipi, nsonga ya sikuludilaiva pa chitsulo, chogwirira kukhutu. Akuti ndi mmene amamvera valavu yodontha ku mgodi. Tonse tikhale chete. Misozi aleke kusinja. Ine ndileke kupuma, kapena.

"Akuyenda," akutero. "Ndikuwamva."

Inde akuyenda, bambo, nanenso ndikudziwa! Akupita kuti?

Oganiziridwa, malinga ndi a Tembo:
- chimbudzi
- mpopi wa panja
- Misozi, chifukwa amachapa kwambiri
- ine, chifukwa "akazi samanga mpopi mpaka kumapeto"

Chimbudzi achimasula. Tizitsulo take tili pa nyuzipepala m'khonde, tandandalikidwa bwinobwino mwa msinkhu. Kamodzi kagwera mu ngalande. Tsopano tilibe madzi, tilibenso chimbudzi chogejemula.

Bana Mwape andipatsanso ndowa ziwiri, ndi malangizo pamwamba: "Muleisunga amenshi, mayo, madzi musamawononge." Ndathokoza. Msana ukuwawa.

Lachitatu

Ndatopa ndisanadzuke n'komwe.

Dzulo madzulo a Tembo anatseka valavu yaikulu ya pa mita ya madzi, ija ya gudumu lofiira, kuti lero agwire ntchito pa paipi youma. Sanangotseka. Anakulunga tcheni pa gudumu, loko pamwamba, ndi katoni yolembedwa OSATSEGULA. Ku mgodi ndi lamulo: wotseka valavu amaika loko wake, ndipo wochotsa ndi iye yekha, chifukwa wina akatsegula mnzake ali m'kati mwa paipi, maliro.

M'mawa kwabwera uthenga wa maliro enieni. Mnzawo wa ku mgodi wamwalira ku Kitwe. Avala jekete, akwera minibasi. Kiyi ali m'thumba la jeketeyo.

Kenaka msewu wonse: "Amenshi yaisa! Amenshi yaisa!" Madzi abwera, ndipo lero abwera ndi mphamvu, mipopi ya anthu ikuchita kulavula. Ine ndaima pa gudumu lofiira ndi ndowa m'manja, ndikuwerenga katoni.

Ndaimba foni. Kumbuyo kukumveka nyimbo za maliro. A Tembo akunong'ona: "Musathyole loko. Lamulo ndi lamulo."

Muli ndani m'paipi yathu, a Tembo? Ingalowe ndi mbewa yomwe?

Sindinathyole. Zaka zonsezi za ukwati, ndipo sindinathyole. Ndadzikwiyira ndekha.

Thanki sinalawe dontho lero. Madzulo ndapita kwa Bana Mwape, nawonso mpopi uli gwa. Akudabwa, akuti sizinachitikepo chiyambire mwezi watha. Mulungu andikhululukire, mtima wanga wakondwako pang'ono.

Nyemba sindinaviike. Kwatsala mawa ndi mkuja.

Lachinayi

A Tembo abwera ndi minibasi yoyamba, achotsa loko mwaulemu ngati akutsegulira msonkhano. Thanki yadzaza, koma madzi ake ofiirira chifukwa cha zogwiragwira zawo. Ndathiramo mankhwala a kolorini. Dzanja linali ndi mkwiyo, ndathira wambiri.

Masana: fyuu.

Ndanyamula ndowa, ulendo kwa Bana Mwape. Ndawapeza akununkhiza kapu, nkhope atakwinya. Akuti madzi a lero akununkha chipatala, tiyi sakumweka. A nyumba yotsatira akutero. A kutsidya kwa msewu akuteronso.

Ndanunkhiza.

Kolorini wanga.

Mayo ine! Madzi anga! Sabata yonse ndakhala ndikutsika msewu uno ndi ndowa, kugwada, kuthokoza, kulandira malangizo, kupempha madzi a m'thanki yanga yomwe! Nyumba yathu ili kumtunda. Madzi a mumsewu akatha, a m'thanki amabwerera m'paipi imene anadzera, n'kutsetserekera kwa aliyense wa kumunsi. Bana Mwape amati chiyambire mwezi watha Mulungu, amene iwo amati Lesa, wawakumbukira. Mwezi watha ndi pamene ndinagula thanki.

Ndauza a Tembo. Atenga khasu. Pafupi ndi mita afukula valavu ina imene sindinkaidziwa, yamkuwa, yobiriwira ndi ukalamba. Akuti ntchito yake ndi kulola madzi kulowa, osatuluka. M'kati muli kachitseko koyenera kudzitsekera kokha madzi akafuna kubwerera. Kachitsekoko kakakamira ndi mchenga, kali yasa ngati geti ya pa bala.

Anaitenga kuti? Kwa mnzawo wogulitsa zitsulo zakale. "Zakale ndiye zolimba. Ku mgodi tikanaona pa geji yoyezera madzi tsiku loyamba."

Ndawapatsa jekete, ndawalozera njira ya ku msika. Abwera ndi valavu yatsopano, yonyezimira, ya kamuvi pambali kosonyeza kumene madzi ayenera kupita. Ndaima pamsana pawo mpaka amanga, ndipo kamuviko ndakayang'ana ndekha kawiri.

Lachisanu

Yadzaza. Masana ndikugogoda: du, du. Yodzaza! Ndikutsegula mpopi, madzi! Ndaviika nyemba. Misozi akuimba. A Tembo akuyenda pabwalo manja kumbuyo, akufotokozera aliyense wodutsa pa mpanda mmene anagwirira vutolo ndi khutu lokha.

Ndiye msewu wonse wadziwa.

Woyamba ndi Bana Mwape, ndowa ziwiri. Ndingakane bwanji? Sabata yonse amandipatsa. Kuti anali anga omwe, zimenezo sizinenedwa pa geti. Ndiponso mapoto aakulu atatu ndi awo, ndipo mawa otsogolera nyimbo za Chibemba ndi iwo, ine sindidziwa ndi imodzi yomwe.

Achiwiri ndi amene andibwereka mbaula. Achitatu ndi amene adzasosola nkhuku. Achinayi sindikuwadziwa, koma akuti ndi apongozi a achitatu.

Zimene ndamva lero pa mpopi wanga:
"Mwatitsekera madzi, amake Misozi."
"Tinazolowera, mwana ali ndi matewera."
"Kale anthu a kummawa munali ndi chifundo."
"Kagubu aka kokha."

Kagubu kake kofika m'chiuno!

A Tembo akuti tiike loko pa mpopi. Ndawayang'ana, abwerera m'nyumba.

Dzuwa likulowa thanki ili pakati. Palibe kanthu, mawa m'mawa idzadzazanso. Miyendo yatupa. Chimbudzi chikadali pa nyuzipepala.

Loweruka

Madzi sanabwere.

Sanabwere! Lero lokha, mwa masiku onse a Mulungu! Ndatsegula mpopi wa pa mita, ndaika khutu ngati a Tembo. Zii.

Amayi ophika afika, aliyense ndi chitenje chatsopano m'pepala ndi ndowa yopanda kanthu. Kwawo kulibe dontho, ndipo sangapite ku Nkana West osasamba. Zoona, sangapite. Asamba kuseri kwa nyumba mmodzimmodzi, ine ndikumva madzi a nyemba zanga akutsikira mu ngalande.

Nkhuku tasosola. Chikanda cha mizu ndi nsinjiro chatheka, ifisashi, masamba otendera aja, yatheka. Tikufika pa kapenta, mpopi wayamba kutsokomola. Kapenta amafuna kutsukidwa katatu. Watsukidwa kamodzi, m'madzi otsala ku masamba. Mapoto kunja kwake mwaye okhaokha, tangopukuta ndi nyuzipepala n'kukulunga mu zitenje. Nyemba zapserera pansi chifukwa panalibe owonjezera. A Tembo apita ndi wilibala kukafuna madzi ku chitsime cha ku dambo, abwera zonse zitatha, theka atatayira m'njira.

Amayi aja anyamuka mochedwa, ng'oma zikulira, onse osamba bwino, onunkhira sopo wanga. Ine mayi wa mwana sindipita nawo, mwambo sulola. Ndatsala ndi Misozi, tonse awiri osasamba, tikuyang'ana mbaula zozima.

Abwerako madzulo. Bana Mwape akusimba mosangalala. Kunyumba kwa a Mulenga kuli paipi yozungulira yokha, yothirira kapinga. Kapinga! Akuti zonse zinayenda bwino, mkamwini anadya, anthu anavina. Kungoti azakhali a mkamwini atatafuna kapenta, phokoso la mchenga linamveka mpaka pakhomo, ndipo anafunsa ngati kwathu ku Chipata timathira dothi m'ndiwo.

"Koma musadandaule, mayo, ndawafotokozera zonse. Za thanki, za loko, za chimbudzi. Amvetsa bwino."

Za chimbudzi zomwe.

Misozi walowa kuchipinda.

Lamulungu

Sindinapite ku tchalitchi. Ndilibe nkhope, ndilibenso bulauzi yochapa.

Masana kwaima galimoto pa geti, ya ku Nkana West. Abweza mapoto. Mwambo ndi wakuti abwere otsuka, ndipo atsukadi, mpaka mwaye wa zaka ndi zaka wachoka, Bana Mwape sanaizindikire poto yawo. Koma anyamata akutsitsa awiriawiri, akuyenda mosamala. Zivundikiro zamangidwa ndi mphira.

Poto iliyonse yodzaza madzi. Ndi mabeseni omwe.

Woyendetsa wapereka uthenga wa asebele anga, amayi a Mulenga, atagwira chipewa m'manja: amva za vuto lathu, tisachite manyazi, tsopano ndife banja limodzi, ndipo Misozi akabwera kwawo adzasamba mmene angafunire.

Ndathokoza. Ndagwada ndithu, msewu wonse ukuonerera. Sindikudziwa ngati ndi chifundo kapena chipongwe, ndipo ndikuganiza kuti mayiyo sakudziwanso.

Misozi anaonera pa windo. Galimoto itapita watuluka, wayang'ana mapoto aja ali ndandanda pabwalo. "Amayi, nkhani imeneyi adzaisimba mpaka pa ukwati wa ana anga." Sindinamutsutse, chifukwa ndi zoona. Ndinagula thanki kuti mwana wanga alowe m'banja lija mutu uli m'mwamba, ndipo akulowamo ngati mwana wa kunyumba yotumiziridwa madzi. Zikundiwawa kwambiri.

Pa geti payamba kale mzere. Eni mapoto akufuna mapoto awo, ndi zam'kati mwake.

Ndauza a Tembo kuti mawa achotse valavu yatsopano, abwezerepo yakufa ija. Madzi azipita okha m'mapaipi, aliyense azitunga kwawo n'kumathokoza Lesa, ine ndipume. Ayamba kufotokoza kuti mwa ukatswiri zimenezo n'zolakwika. Ndawauza kuti ndikudziwa.

Beseni limodzi ndabisa kuchipinda. Ndamuitana Misozi kuti ayambe ndiye, wakana, akuti madzi amenewo sawakhudza. Ndasamba ine. Ndi madzi abwino, sopo akuchita thovu msanga.